Mphete ya Kunsonga kwa Ndodo

Anyamata amene amazungulira matebulo a puulu pa Khombedza masiku ano amayesa masewerawa ndi akalekale pano. Si akale ayi. Ife tikukula, mwamuna akaweruka kumunda wa thonje ankasamba n'kupita pa bawo pansi pa mango, ndipo msewu wochokera ku Salima kupita ku Nkhotakota unali fumbi lokhalokha m'chilimwe, matope m'dzinja. Matebulowa anafika mochedwa, zisankho za 1994 zitapita, mabala atachuluka m'mbali mwa msewu, katundu wa ku Joni akulowa mosavuta. Anthu ambiri kuno anayamba kugwira ndodo yosewerera nthawi imeneyo. Ine ndinali nditaidziwa kale, ndipo ndinakaidziwira kutali, pa ntchito yoikonza.

Ndinachoka kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, nditangophunzira kupala matabwa. Anzanga ambiri ankalembetsa Wenela kupita kumigodi, njira imene inadzatsekedwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha abale athu oposa 70. Ine ndinakwera sitima pa Salima. Njanji inafika pa Salima mu 1935, chaka chomwe anatsegulanso mlatho wautali wa Dona Ana pa Zambezi, ndipo ndi mlatho womwewo tinaolokera titadutsa Balaka, Limbe ndi Nsanje. Pa Dondo tinasintha sitima, kenako Umtali, Salisbury, mpaka Bulawayo, kumene atsibweni anga ankakhala ku Makokoba. Ndi iwo anandipezera ntchito pa kalabu ina ya azungu, yokonza mipando, zitseko ndi mawindo.

M'kalabumo munali chipinda chimodzi chozizira, chamdima, cha matebulo awiri a sinuka. Munthu wozolowera timatebulo tathu tano sangamvetse kukula kwake: mafiti 12 m'litali, 6 m'lifupi, pansi pa nsalu pali mwala wosalala wa sileti, zidutswa zisanu, moti amuna anayi ponyamula chimodzi thukuta kamukamu. Nsalu yake yaubweya wa nkhosa inkasesedwa ndi bulashi ndi kusitidwa ndi simbi, kulowera mbali imodzi yokha, kuchokera koyambira kupita kumene kumakhala mpira wakuda. Mipira inali 22: yofiira 15, yamitundumitundu isanu ndi umodzi, ndi woyera womenyera. Wosamala chipindacho anali mkulu wina wa ku Ntcheu, tsitsi lili mbuu, amene anakalambiramo. Tonse tinkawatcha Madala, iwo ankanditcha mwana wa kunyanja.

Akuda sitinkaloledwa kusewera. Yathu inali yoyala mipira, kuwerenga mapointi ndi kuperekera mowa. Zinkandiwawa, ndipo zimandiwawabe ndikakumbuka luso limene Madala anali nalo, lomwe palibe analionapo m'chipinda chodzaza anthu. Koma ndodo yokonzedwa iyenera kuyesedwa isanabwerere kwa mwini wake. Ndiye m'mawa, eni ake asanafike, Madala ankatseka chitseko n'kunena kuti, "Tatenga woyerayo, mwana wa kunyanja, timve ngati ntchito yako ikulankhula."

Ndodo ya sinuka ndi mitengo iwiri yolumikiza. Kutsogolo kuli mtengo woyera wa kwawo wotchedwa ash, wa mizere yooneka bwino, ndipo kumbuyo kogwira kuli mtengo wakuda wolemera wofanana ndi phingo. Yonse imalemera pafupifupi theka la kilogalamu. Kunsonga kwenikweni kuli kachikopa kamene timapaka choko. Pakati pa kachikopako ndi mtengo pali kamphete ka mkuwa wachikasu, mamilimita 9 ndi theka kapena 10 m'mimba mwake, kosatalika kuposa chikhadabo. Anthu amasewera zaka osakayang'anako n'komwe. Koma kalipentala aliyense amadziwa ntchito yake, chifukwa tchizulo chake chilinso ndi mphete pachigwiriro: mtengo womenyedwa kumutu tsiku ndi tsiku umang'aluka potsata mizere yake ngati palibe chougwira. Mphete imamanga nsonga kuti isang'aluke, imapatsa kachikopa pokhala posalala, ndiponso ndi momwe mphamvu ya dzanja imadutsa popita kumpira. Pa ntchito yomalizayi ndi pamene pagona nkhani.

Madala ankamenya mpira woyera kamodzi kokha, maso ali kumbali, n'kutchula matenda a ndodo. Ikalira kuti kho, mawu amodzi okhuthala, ili bwino. Ikalira kuti tche, kamawu kena kakutsatira pambuyo, ndiye kuti mphete yagwedera pakhosi la mtengo, ngakhale maso asakuona. Mwini wake amakhala akudandaula kuti dzanja lamuthawa, chikhalirecho ndi ndodo ikudya mphamvu. Poika mphete yatsopano ankasema khosilo ndi mpeni pang'onopang'ono, akuzunguza ndodo pantchafu, mpaka mpheteyo ilowe theka ndi zala zokha. Theka linalo ankalowetsa pogogoda ndi kathabwa, guluu kadontho chabe. Kenako tupa pamwamba kuti mkuwa ndi mtengo zilingane ndendende, poti pakatsala kampata kachikopa kamakhala m'malere ndipo kamathothoka pa shoti yamphamvu. Anandiletsa kupukuta mkuwa ndi sandipepa wokhakhala. Mkuwa ndi wolimba kuposa mtengo, ndiye sandipepayo amadya msanga mtengo wa kuseri kwa mphete, nsonga n'kuonda m'khosi, tsiku lina thyo.

Za kumene zinthuzi zinachokera ndinkazitola pang'onopang'ono. Sinuka inabadwira ku Jabalpur, ku India, mu 1875, pakati pa asilikali a ku Britain, koma kachikopa ka kunsonga ndi kakale kuposa pamenepo. Anakayambitsa Mfalansa wina, François Mingaud, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, ali m'ndende ku Paris. Kasanabwere, ndodo inali mtengo wosavala kanthu, womenya pakati pa mpira pokha, ukati umenye pambali n'kuterereka. Chikopa ndicho chinabweretsa luso lozunguza mpira, kuubweza m'mbuyo, kuukhotetsa ukagunda khushoni. Ndipo chikopacho chinafuna pokhazikika polimba.

M'kabati ya magalasi pakona pa chipinda chija munali mipira itatu ya mnyanga wa njovu, itachita chikasu ndi ukalamba, timing'alu tili mbwee, pamodzi ndi ndodo imodzi yakale ya mphete yoyera ya mnyanga womwewo. Tsiku lina Madala anandilola kuimenyera. Kulira kwake kunali kokoma, sindinama, ndipo dzanja linkaumva mpira bwino lomwe. Koma ine ndine wa m'mbali mwa nyanja. Agogo anga ankasimba za Jumbe wa ku Nkhotakota, amene zombo zake zinkaolotsa minyanga pamodzi ndi akapolo kupita tsidya, ulendo wa ku Kilwa. Mnyanga umodzi unkatulutsa mipira yowerengeka chabe, ndiye taganizani njovu zimene zinagwa kuti anthu a kutali azisewera akatha kudya. Kusowa kwa minyanga ndiko kunachititsa John Wesley Hyatt wa ku America kupanga pulasitiki yoyamba ya mipirayi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1860, koma malonda a minyanga pakati pa mayiko anadzaletsedwa mu 1989. Mu 2016 ndi 2017, a African Parks akusamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita kunkhalango ya Nkhotakota, ndinaima pamsewu ndi adzukulu anga kuonerera malole akudutsa. Mphete yokoma bwanji, ya mnyanga sindingaiike pa ndodo ya munthu.

Ndinabwerera kumudzi nkhondo ya ku Rhodesia itafika povuta, dzikolo lisanasanduke Zimbabwe mu 1980. Ndinkalima thonje n'kugulitsa ku ADMARC, kupala zitseko, mabenchi a m'tchalitchi ndi mabokosi a maliro. Zaka zinapita zambiri osaonanso ndodo ya mtundu uja.

Tebulo loyamba litafika pamsika pano, anthu anadzaza pakhonde la bala kudzaona. Linali laling'ono, la tokeni, mpira woyera wocheperako kuposa inayo kuti ukagwa m'thumba uzidutsa njira yakeyake n'kutuluka, inayo itatsekeredwa m'kati. Ndodo zake zinali zotsika mtengo, kunsonga atavekako kachipewa ka pulasitiki kongosomeka, kachikopa komatira pomwepo. Mwezi usanathe tizipewa tonse tinali titang'ambika. Anyamata anapitiriza kumenya ndi mtengo wosavala, nsonga n'kuphwanyika, mpaka wina anang'amba nsalu. Anamulipiritsa ndalama zoti mayi ake anagulitsa mbuzi. Ndi pamene wina anakumbuka kuti ine ndinkasimba za ku Bulawayo, ndipo mwini tebulo anatulukira pakhomo panga ndi ndodo zitatu m'khwapa.

"Madala, akuti izi munazigwirako kunja. Mungazidzutse?"

Mphete zogula kunalibe, ngakhale ku Salima, ndiye ndinayang'ana m'zinthu zomwe tili nazo. Chubu cha bolopeni chinkakwana bwino koma sichinkatha sabata. Chitsulo cha paipi chinkachita dzimbiri mvula ikangoyamba, ndipo chikakhudza mpira chinkausiyira chipsera. Aluminiyamu ankadetsa zala n'kupindika m'mphepete. Mkuwa wofiira wa timapaipi ta firiji, tija ta mamilimita 9 ndi theka, unkalingana ndi nsonga bwino kwambiri, koma ndi wofewa, umafutukuka kumutu ukamenyedwamenyedwa.

Chimene chinandipulumutsa ndi eriyo ya wayilesi yakufa. Eriyo zambiri zakale ndi mkuwa wachikasu wokutidwa zonyezimira pamwamba, timapaipi tolowana, kena kakakulu kena kakang'ono, ndiye umangosankha kolingana ndi ndodo ili m'manja. Ndi kopyapyala, kopepuka, ndipo sikachita dzimbiri. Kudula kwake kumafuna ulemu. Usomeke kamtengo m'kati kuti kasaphwanyike, kenako uzungulize ndi ngodya ya tupa mpaka kaduke kokha, osati kukathira sowo. Ana a m'mudzi anadziwa kuti kwa ine eriyo yothyoka ndi ndalama ya zitumbuwa, moti sindinkasowa.

Nyanga ya ng'ombe ndinaiyesa chifukwa chokumbuka kulira kwa ndodo ya m'kabati ija. Tsiku la msika ndinkapempha nyanga kwa opha ng'ombe, n'kudula kunsonga kumene ili yodzaza, yopanda mphako. Kuboola kwake ndi kwa dirilo ya manja, mofatsa, fungo la tsitsi lopserera lili thoo m'shedi monse. Kenako kupala ndi galasi losweka mpaka ikhale nyezinyezi. Mphete imodzi imadya tsiku lathunthu. Koma ndodo yovala nyanga imamenya mofatsa, mawu ake apansi, ndipo mpira umapita pafupi ndi pamene waulozera kuposa mmene ndodo ya mkuwa imachitira. Choipa chake n'chakuti siipirira nkhanza. Pa tebulo la aliyense, pamene woledzera amaswa mipira ndi mphamvu zake zonse, akaluza n'kugogoda ndodo pansi, nyanga imasenduka m'magawo ake.

Izi za mpira kupita pamene waulozera ndizo ndikufuna anyamata azimvetse, chifukwa zayambanitsapo anthu pano. Panali mnyamata wa kabaza, katswiri wathu nthawi imeneyo, amene anasunga ndalama n'kukagula ndodo yakeyake ku Lilongwe. Mphete yake itang'ambika anapita kwa owotcherera zitsulo, amene anamuikira kachitsulo kokhuthala, kotalika inchi yathunthu, n'kumuuza kuti aka ndiye sikadzathyokanso. Sikanathyoke zoona. Koma anayamba kuluza kwa ana amene ankawakwapula akuseka. Anafika kwa ine nkhope itagwa.

"Agogo, ndodo yanga aithira mankhwala. Ndikamenya pakati ikupita bwinobwino, ndikangomenya pambali ikuthawa. Ndipo amene wachita ndikumudziwa."

Ndinapita naye patebulo masana, kulibe anthu. Ndinalemba kachizindikiro ndi choko pakhushoni ya kutali, n'kuika woyera mbali ino. Ndinamuuza kuti alunjike pachizindikiropo, ndodo ili yogona, koma amenye mpira chakumanja, mwamphamvu. Mpira unakagunda kumanzere, zala zitatu kuchoka pachoko. Anabwereza, chimodzimodzi. Ndinamupatsa ndodo ya mphete ya eriyo, mpira unasendera pafupi. Ndinamupatsa ya nyanga, unasenderanso. Anayang'ana ndodo zitatuzo nthawi yaitali, akuzipima m'manja, osaona kusiyana, poti kusiyana kwake ndi kwa magalamu ochepa chabe.

Chimene chimachitika ndi ichi. Mpira ukamenyedwa pambali umayamba kuzungulira, ndipo pozungulirapo iwo ndi nsonga ya ndodo zimakankhana, china chipite uku china uko. Chopepuka ndicho chimapatuka kwambiri. Nsonga ikakhala yopepuka imadzipatukira yokha, mpira n'kupita pafupi ndi njira yake. Ikalemera imakana kusuntha, ndiye mpira ndiwo umapatuka. Kulemera kumene kuli ndi ntchito apa ndi kwa kunsonga kokha, mainchesi ochepa oyambirira. Kumbuyo ungalemeretse bwanji, izi sizisintha. Ndodo iliyonse imapatutsa mpira pang'ono, ndipo dzanja la wosewera limaphunzira kukonza lokha, mwini wake osadziwa n'komwe kuti akukonza. Ukasintha mphete wasokoneza zonse zimene dzanja linaphunzira. Mnyamata uja ndinamuchotsera kachitsulo, ndinamuikira ya eriyo yofupika, ndipo mnzake amene ankamuganizira uja anapitiriza kudyera naye mbale imodzi.

Mdzukulu wanga amandionetsa pafoni mpikisano wa dziko lonse wa sinuka, umene wakhala ukuchitikira ku Crucible Theatre mumzinda wa Sheffield kuyambira 1977. Ndi iye anandiuza kuti akatswiri ena tsopano akuchotsa mkuwa n'kuika titaniyamu, chitsulo cholimba koma cholemera pafupifupi theka la mkuwa. Chifukwa chake ndi chomwe chija tinaona ndi choko pakhushoni. A ku America, amene ndodo zawo za puulu ndi zonenepa kunsonga, mamilimita 12 kapena 13, anasiya mnyanga n'kutenga pulasitiki yolimba, ena mpaka kuboola m'kati mwa nsonga kuti ipepuke. Sinditsutsa, nzeru yake ndi yoona. Koma Joe Davis anatenga ukatswiri wa dziko lonse ka 15 kuyambira 1927 mpaka 1946, ndipo Stephen Hendry anautenga kasanu ndi kawiri m'zaka za m'ma 1990, mkuwa uli paliponse. Hendry ankasewera ndi ndodo yotsika mtengo imene anaipeza ali mwana. Itathyoka paulendo wa pandege mu 2003 inali nkhani ya m'manyuzipepala, pakuti ndodo ina, idule chotani, sinali imene dzanja lake linakula nayo.

Ndiye munthu akandifunsa kuti mphete yabwino ndi iti, ndimayamba ndamufunsa kuti ndodoyo ndi ya yani. Ngati ndi ya pabala, yogwiridwa ndi aliyense, ndimati mkuwa, wopyapyala, waufupi, ndipo ndodo zonse za tebulo limenelo zivale zofanana. Ngati ndi yake, asankhe chimene khutu ndi dzanja lake zakonda, nyanga kaya mkuwa, koma akasankha akhale nacho. Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona tebulo la ndodo zinayi, iliyonse ndi mphete yakeyake, ina pulasitiki, ina chitsulo, ina yopanda. Mwana wa luso amagwira iyi lero, ina mawa, dzanja lake osapeza chophunzira, mapeto ake amasiya kumenya pambali n'kumangowomba pakati. Ana a luso pano alipo, atsikana omwe, ndawaona ndi maso anga.

Eni matebulo masiku ano amakonda mphete za chikopa chomangira ndi sikuluwu, chifukwa chikatha amangomasula n'kumanga china. Ndimawamvetsa, ndalama ya tokeni ndi yochepa ndipo nsalu ndi yodula. Koma zimenezo zimalemera kunsonga, zimamasuka pakati pa gemu, ndipo zambiri zimalira tche kuyambira tsiku logula.

Mdani wamkulu wa mphete kuno ndi nyengo yathu. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala m'chigwa cha Salima aliyense akukudziwa. Ndodo imakhala pansi pa malata, yotsamira khoma, mtengo n'kuuma mpaka kunyala, koma mkuwa suchepa nawo, ndiye pakati pawo pamabadwa kampata. Mvula ikagwa mtengo umatupanso. N'chifukwa chake ndodo zambiri zodwala zinkabwera kwa ine mvula yoyamba isanagwe, ndipo nthawi yabwino yoikira mphete ndi yomweyo, mtengo uli pochepetsetsa pake. Mphete yolowa mothina mu Okutobala, dzinja limangoithinitsa.

Maso anga tsopano saonanso kampata, ndipo manja ayamba kunjenjemera. Ntchitoyi ndinaisiyira mnyamata wokonza njinga pafupi ndi msika. Ali ndi manja abwino, tupa amaigwira mwaluso, ndipo wapeza kumene amagula mphete zenizeni za mkuwa, poti mawayilesi a eriyo akutha. Pali chimodzi chokha chimene sitigwirizana. Iye amasema khosi mothamanga, likachepa n'kudzaza mpatawo ndi supagulu. Ndimamuuza kuti supagulu akauma amakhala wophweka kusweka, ndipo mtengo ukatupa n'kunyala kangapo amasanduka ufa m'katimo. Iye amati, "Agogo, makasitomala alibe nthawi, akufuna kusewera madzulo ano." Chaka chino wavomera kuti ndodo za tebulo limodzi aziike mwa njira yanga, za tebulo lina mwa njira yake, ndipo tidzazimenya zonse mu Febuluwale, mvula ili pakati, timve zimene zidzalire.